Makoini olakwika podinda: mmene mungawadziwire, mtengo wake weniweni, ndi misampha ya akathyali

M'magulu a WhatsApp a kuno ku Chitawira, Naperi, Nkolokosa mpaka Zingwangwa mumadutsadutsa zithunzi za ndalama zachitsulo zakale, pansi pake atalemba kuti amene ali nayo walemera basi. Lero ndi K1 ya tambala ya nthawi ya Kamuzu, mawa ndi kobiri yobowola pakati, mkuja ndi R5 ya Mandela imene achimwene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Zotsatira zake tikuziona tonse. Achinyamata ena akukhuthula zitini za agogo osapempha, ena akupecha makoini ndi phulusa kuti awale, ena atumiza kale ndalama kwa munthu amene sanamuonepo n'kamodzi komwe.

Ine ndimatolera makoini ngati chizolowezi chongondisangalatsa, ndipo amene ndimawakonda kwambiri ndi aja analakwika powadinda. Ndalemba zimene munthu ayenera kudziwa asanayambe: mmene koini imapangidwira, mitundu ya zolakwika, makoini a Malawi ndi zaka zake, chimene chimapatsa koini mtengo, komanso mmene akuba amatchera misampha. Ndinenetu poyambirira kuti makoini olakwika alipodi ndipo pali anthu amene amawagula, koma ambiri mwa iwo sangakugulireni ngakhale njinga ya kabaza.

Mmene koini imabadwira

Malawi alibe fakitale yakeyake yodinda makoini. Reserve Bank of Malawi, imene inayamba ntchito mu 1965 mumzinda wathu uno wa Blantyre isanasamutsire likulu lake ku Lilongwe mu 1981, imachita kuitanitsa kunja. Makoini athu oyambirira anadindidwa ku Royal Mint ya ku Britain, fakitale imene inkadindiranso mayiko ena ambiri.

Ntchito yake imayenda motere. Amayamba ndi chitsulo chophwatalala ngati lata, makina n'kumaboola timabwalo tosalemba kanthu, monga mmene amayi amadulira madonasi ndi kapu. Timabwaloti amatitenthetsa kuti tifewe, n'kutitsuka, kenako n'kutipanikiza m'mbali kuti mkombero utukuke pang'ono. Akatero kabwalo kalikonse kamalowa pakati pa zidindo ziwiri zachitsulo cholimba, china pamwamba china pansi, ndipo mphete yachitsulo imakagwira m'mbali kuti kasafalikire. Zidindo zija zikamenya kamodzi, nkhope ndi kumbuyo zimatuluka nthawi imodzi. Makina amakono amamenya makoini okwana 750 pa mphindi imodzi.

Pali mfundo imodzi imene muyenera kuigwiritsitsa chifukwa zonse zotsatirazi zatsamira pamenepo. Chidindo ndi chithunzi chotembenuza cha koini. Pamene chidindo chalowa mkati, pa koini pamatukuka. Pamene chidindo chatukuka, pa koini pamalowa. Ndiye chilichonse chimene chachitikira chidindo chimaoneka mosemphana pa koini.

Koini yolakwika ndi imene vuto lake linachitikira kufakitale, isanatuluke pa geti. Zonse zimene zaichitikira itatuluka, kaya kupondedwa ndi minibasi pa Kenyatta Drive, kaya kukhala m'dothi zaka khumi, kumeneko ndi kuwonongeka chabe, ndipo kumatsitsa mtengo m'malo moukweza.

Mitundu ya zolakwika

Mayina ambiri a zolakwikazi ndi a Chingerezi, ndipo ndawasiya choncho kuti mukamafufuza pa intaneti musavutike.

Die crack ndi mng'alu wa chidindo. Chidindo chikamenya makoini masauzande ambirimbiri chimatopa n'kuyamba kung'aluka. Chitsulo cha koini chimalowa mu mng'alu uja, ndipo pa koini pamaoneka kamzere kotukuka, kokhotakhota ngati mng'alu wa pakhoma kapena ngati mphezi. Kawirikawiri kamayambira pa mkombero n'kudutsa m'zilembo. Uwu ndi mtundu umene mungaupeze mosavuta kuposa yonse. Chosangalatsa n'chakuti makoini onse amene anadindidwa ndi chidindo chimenecho amakhala ndi mzere pamalo amodzimodzi, ndipo ukawaika pamodzi umatha kuona mng'alu ukukula kuchokera pa koini ina kupita pa inzake.

Die chip ndi pamene kachidutswa kakang'ono ka chidindo kabenthuka. Pa koini pamatsala kachotupa, nthawi zambiri mkati mwa nambala monga 6, 8 kapena 9, kapena mkati mwa chilembo A cha dzina la MALAWI.

Cud ndi mkulu wake wa die chip. Apa chidutswa cha chidindo chathyoka m'mphepete, ndipo pa koini pamaoneka chibuma chosalala chogundana ndi mkombero, chimene chameza zilembo kapena mbali ya chithunzi. Mukatembenuza koiniyo, kuseri kwa chibumacho kumakhala kofooka chifukwa chitsulo chinathawira mbali inayo. Otolera amaifuna cud kuposa mng'alu wamba.

Doubled die ndi pamene chidindo chenichenicho chinapangidwa ndi chithunzi chobwereza, moti zilembo ndi manambala zimaoneka ziwiriziwiri, zonse zotukuka bwino ndi zobulungira. Samalani, pali china chofanana nacho chotchedwa machine doubling, chimene chimachitika chidindo chikagwedera pomenya. Chimenechi chimaoneka chophwatalala ngati sitepe yaing'ono pambali pa chilembo, ndipo otolera sachiwerengera kwenikweni.

Off-centre ndi pamene kabwalo sikanakhale pakati. Chithunzi chimapendekera mbali imodzi, mbali inayo n'kutsala yosalemba, yooneka ngati mwezi ukangokhala kumene. Imakhala ndi mtengo wabwinoko ngati chaka chikuonekabe.

Broadstrike ndi pamene mphete yogwira m'mbali ija sinagwire ntchito. Koini imafalikira, imakula kuposa anzake, ndipo m'mbali mwake mumakhala mosalala ngakhale pa koini imene imayenera kukhala ndi manomano.

Clipped planchet ndi koini yobenthuka mokhota, ngati wina anailuma. Zimachitika makina akaboola kabwalo pamalo pamene anaboolapo kale. Yeniyeni imadziwika chifukwa mkombero umazilala pang'onopang'ono pofika pobenthukapo, ndipo nthawi zambiri mbali yoyang'anizana nayo mkombero umakhalanso wofooka. Yodula ndi sowo kapena chizulo imakhala ndi m'mphepete mwakuthwa.

Rotated die ndi pamene chidindo chimodzi chinazungulira. Gwirani koini pamwamba ndi pansi, nkhope itaima bwino, n'kuitembenuza ngati tsamba la buku. Yerekezani ndi makoini ena a mtundu womwewo. Ngati kumbuyo kwa yanuyo kwapendekeka pomwe kwa anzake kwaima chilili, mwapeza kanthu.

Die clash ndi pamene zidindo ziwiri zinamenyana popanda kabwalo pakati, chilichonse n'kusiya chithunzithunzi chake pa chinzake. Makoini otsatira amaonetsa mizukwa ya zilembo za mbali ina pamalo pamene siziyenera kukhala.

Struck through ndi pamene girizi, ulusi kapena kachinyalala kanalowa pakati pa chidindo ndi koini. Chilembo kapena nambala imasowa kapena kuzilala pomwe zina zonse zili bwinobwino.

Wrong planchet ndi koini imene inadindidwa pa kabwalo ka koini ina, nthawi zina ka dziko lina. Imadziwika ndi kulemera, kukula ndi mtundu wa chitsulo. Izi ndi zosowa kwambiri.

Mule, dzina lochokera ku nyama yobadwa kwa bulu ndi hatchi, ndi koini imene nkhope yake ndi kumbuyo kwake sizinapangidwe kuti zikhale pamodzi. Mwa zolakwika zonse, izi ndi zina mwa zimene zimafunidwa kwambiri.

Pa makoini a zitsulo ziwiri, monga K5 ndi K10 za 2006, yang'ananinso ngati kabwalo ka pakati kanakhala mopendekera, kapena ngati chitsulo cha pakati chinasefukira pa mphete yakunja.

Cholakwika kapena chowonongeka?

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Mwa makoini amene anzanga amanditumizira zithunzi, ochuluka kwambiri amakhala ongowonongeka. Mayeso ake ndi osavuta.

Loyamba, kodi mzerewo watukuka kapena walowa? Yendetsani kamtengo kotokosera m'mano pang'onopang'ono, kapena walitsani tochi ya foni kuchokera m'mbali. Mng'alu wa chidindo umatukuka. Kukalika kwa msomali kapena mpeni kumalowa mkati, ndipo m'mbali mwake mumakhala timilomo ta chitsulo chokankhidwa.

Lachiwiri, kodi mzerewo ndi wamtundu umodzi ndi koini yonse? Wobadwa nawo umakalamba pamodzi ndi koini. Wokanda dzulo umawala.

Lachitatu, yesani kulemera. Sikelo yaing'ono ya digito yowerenga mpaka 0.01 ya galamu imathandiza. Koini imene yaphwanyidwa ndi hamala imalemera chimodzimodzi ndi anzake ngakhale ikuoneka yaikulu. Imene yadyedwa ndi asidi kapena dzimbiri imapepuka ndipo zilembo zake zimaonda.

Lachinayi, maginito. Makoini athu oyera a m'ma 1960 ndi m'ma 1970 anali osakaniza kopa ndi nickel, ndipo sagwira maginito. Ambiri amene anabwera pambuyo pake ndi achitsulo chokutidwa pamwamba, ndipo amagwira. Makoini okutidwawa akakhala ponyowa amatuluka matuza, chokutiracho n'kumasupuka. Matuza a dzimbiri si cud.

Lachisanu, dzifunseni ngati makina aja akanatha kupanga chimene mukuonacho. Bowo la msomali, koini yopindika ngati supuni, m'mbali mopalidwa pa simenti, zonsezi ndi ntchito ya manja a anthu. Ana ambiri a m'ma location anakulira kuika makoini pa njanji kapena kuwasula ndi mwala, ndipo makoini amenewo akadali m'zitini mpaka lero.

Makoini a Malawi ndi zaka zake

Simungadziwe cholakwika ngati simukudziwa cholondola. Nayi mbiri yake mwachidule.

Kuyambira 1955, kuno kunkayenda makoini a Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland, okhala ndi dzina la Mfumukazi Elizabeth II. Kobiri ndi theka la kobiri zinali zobowola pakati, kobiri ili ndi njovu, theka lake lili ndi akadyamsonga. Bowolo linali la dala, ndipo anthu ankatha kutunga makobiri pa chingwe. Panalinso kandalama kakang'ono ka makobiri atatu kamene agogo amakatchula kuti tiki. Wina akakuuzani kuti bowo la kobiri ndi cholakwika chosowa, akukunamizani masanasana.

Mu 1964, chaka cha ufulu wodzilamulira, kunatuluka makoini oyamba a Malawi okhala ndi nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda: sikisipensi ya tambala, shilingi ya zitsononkho za chimanga, florin ya njovu ndi mwana wake, ndi half crown ya chizindikiro cha dziko. Mu 1966 kunatuluka crown yokumbukira tsiku limene Malawi anakhala Republic, ndipo kobiri ya Malawi inatsatira mu 1967.

Mu 1971 tinasiya mapaundi n'kuyamba kwacha ndi tambala. Paundi imodzi inasinthidwa ndi K2, kutanthauza kuti shilingi inasanduka 10 tambala, florin n'kukhala 20 tambala. N'chifukwa chake chimanga chinatsalira pa 10 tambala ndipo njovu zinatsalira pa 20 tambala. Tambala uja anasamukira pa 1 tambala, pa 2 tambala panabwera kambalame ka mchira wautali, pa 5 tambala panabwera mbalame ya m'madambo ya khosi ndi miyendo italiitali.

Mu 1986 kunabwera 50 tambala ndi K1 zachikasu, K1 ili ndi tambala kumbuyo. Imeneyi ndi imene imatchuka kwambiri m'mauthenga a pa foni aja.

Kuyambira 1995, ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, pa makoini panalowa nkhope ya Bakili Muluzi, ndipo ena anatuluka ndi chizindikiro cha dziko m'malo mwa nkhope ya munthu. Atambala anachotsedwa. Pa 1 tambala panabwera nsomba ziwiri, pa 50 tambala mbidzi, pa K1 nkhwazi. Ndiye mukapeza makoini awiri a 1995 amtengo umodzi, wina wa nkhope wina wa chizindikiro cha dziko, musathamangire kunena kuti ndi mule. Onse anatuluka mwadala.

K5 ndi K10 zazikulu za zitsulo ziwiri zili ndi chaka cha 2006. Mu 2012 kunabwera K1, K5 ndi K10 zing'onozing'ono zoyera, za nkhwazi, mbalame ya m'madambo ija ndi njovu.

Kuchokera pamenepo mukudziwa nokha zimene zachitika. Kwacha inagwetsedwa mu May 2012, inagwetsedwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. K2,000 yapepala inabwera mu 2016, K5,000 mu 2022. Lero ukapereka masiliva kwa kondakitala kapena pa chiwaya amangokuyang'ana. Makoini achoka m'manja mwa anthu n'kupita m'madirowa, m'zitini ndi kudzala. Kwa wogula zinthu ndi nkhani yowawa, koma kwa wotolera ndi mwayi, chifukwa ino ndi nthawi imene makoini akupezeka pafupifupi ulere, asanatayidwe onse.

Palinso gulu lina la makoini olembedwa MALAWI amene sanayendepo pamsika. Awa amapangidwira otolera a kunja, ena ndi asiliva weniweni kapena golide, monga a 1978 okhala ndi nyama zakutchire. Amabwera m'timabokosi, ndipo simungawapeze mu chenji ya pa golosale.

Zitsanzo zotchuka za kunja

Kuti muone mmene mitengo imayendera, tiyeni tione makoini angapo amene mbiri yake ndi yodziwika bwino.

Ku America, senti ya 1955 yokhala ndi nkhope ya Abraham Lincoln inatuluka ndi doubled die yoonekeratu ndi maso, chaka ndi zilembo zonse zili ziwiriziwiri. Akuti zinatuluka pakati pa 20,000 ndi 24,000, ndipo imodzi imagulidwa madola oposa 1,000.

Ku Britain mu 2008 anasintha maonekedwe a makoini, chaka n'kuchisamutsa kuchoka kumbuyo kupita kutsogolo. Pa 20 pence ina anaphatikiza chidindo chakale cha kutsogolo ndi chatsopano cha kumbuyo, koini n'kutuluka yopanda chaka. Royal Mint inati zotere sizinapitirire 250,000. Imagulidwa mapaundi makumi angapo.

Mu 1967, kufakitale yomweyo, kumbuyo kwa 2 cents ya New Zealand kunaphatikizidwa ndi kutsogolo kwa 5 cents ya Bahamas. Chitsanzo chimenechi chikuonetsa zimene zimatha kuchitika pamene fakitale imodzi ikudindira mayiko ambiri.

Tsono yerekezani ndi die crack yotchuka ya pa 25 cents ya America ya 1999 ya chigawo cha Delaware, pamene mng'alu unatuluka pakamwa pa hatchi ngati ikulavula, mpaka anaipatsa dzina lakuti spitting horse. Ngakhale ndi yotchuka choncho, imagulidwa madola ochepa chabe. Umu ndi mmene ming'alu yambiri ilili: yosangalatsa kuiona, yotsika mtengo.

Chimene chimapatsa koini mtengo

Ukalamba pawokha si mtengo. Makoini a 1964 ndi 1971 anadindidwa ochuluka zedi, ndipo ogulitsa a kunja amawaika m'milu ya makoini otchipa. Zimene zimakweza mtengo ndi zinayi.

Choyamba ndi kusowa kwake, kuti zotere zilipo zingati. Chachiwiri ndi kuoneka kwake, chifukwa cholakwika chimene munthu akuchiona ali chapatali chimaposa chofuna galasi. Chachitatu ndi mmene koini yasungikira. Imene sinayende m'manja, yowala mwachibadwa, imaposa kutali yoperepeseka. Chachinayi, chimene ambiri amaiwala, ndi ogula. Senti ya 1955 ndi yodula chifukwa ku America kuli anthu ochuluka kwambiri otolera makoini a dziko lawo amene akuilimbirana. Otolera makoini a Malawi ndi ochepa, ndipo ofuna olakwika okhaokha ndi ochepetsetsa. Popanda anthu awiri olimbirana, mtengo sukwera.

Mukafuna kudziwa mtengo, musayang'ane zimene anthu akutchula pa eBay, chifukwa aliyense akhoza kulemba mtengo uliwonse, monga mmene ndingatchulire K5 miliyoni pa foni yanga yosweka galasi. Yang'anani pa zimene zinagulidwadi, pamene pamalembedwa kuti sold items. Pa Numista mupezapo mndandanda wa makoini a Malawi, zithunzi, kulemera ndi kukula kwake, ndipo kuona n'kwaulere. Kunja kuli makampani monga PCGS ndi NGC amene amayesa makoini n'kuwatsekera m'pulasitiki ndi chiphaso, koma malipiro awo pamodzi ndi mtengo wotumizira amaposa mtengo wa makoini ambiri amene tili nawo kuno. Zimenezo muziganizire pokhapokha mwapeza chinthu chachikulu ngati mule kapena wrong planchet.

Misampha ya akathyali

Njira zawo sizisintha kwenikweni, amangosintha koini.

Woyamba ndi wa ndalama yotsegulira. Munthu amakulemberani pa Facebook kuti ali ndi bwana wa kunja amene agula koini yanu mamiliyoni, koma mutumize kaye kangachepe ka fomu, ka inshuwalansi kapena koyesera koiniyo. Mukatumiza amabwera ndi chifukwa china. Mukatopa, nambala imazima. Wogula weniweni salipiritsa wogulitsa.

Wachiwiri ndi wa anthu awiri. Wina amabwera kudzafunsa ngati muli ndi koini yakutiyakuti, n'kulonjeza mtengo woopsa. Patapita masiku, wina wooneka ngati sakudziwa kanthu amapezeka ali nayo koini yomweyo, akugulitsa motchipa. Inu mumagula poganiza kuti mwaphula, koma mukamuimbira woyamba uja foni sikupezekanso. Awiriwo ndi amodzi.

Wachitatu ndi wa zozizwitsa. Amati koini yakale ili ndi mphamvu yokoka mpunga, yoimitsa wotchi, kapena kuti mkati mwake muli mankhwala odula. Ndi bodza lomwe lija la red mercury limene linachititsa anthu kusakasaka masimbi akale a makala. Mu koini muli kopa, nickel, zinc kapena chitsulo, basi.

Wachinayi ndi wa R5 ya Mandela. Ku South Africa anatulutsa R5 yokumbukira zaka 90 za Nelson Mandela mu 2008, ndi ina ya zaka 100 mu 2018. Anadinda mamiliyoni kuti ziyende pamsika, ndipo South African Reserve Bank yanena kangapo kuti yoyenda m'manja mtengo wake ndi R5 yomweyo. Achibale athu a ku Joni akakupatsani, isungeni ngati chikumbutso.

Wachisanu ndi wa zolakwika zopanga. Munthu amatenga makoini awiri n'kuwapanikiza pa vaisi kuti zilembo za ina zidindike pa inzake, kapena amapala mbali imodzi kuti ikhale yosalemba. Zilembo zotere zimakhala zolowa mkati ndi zotembenuka, ndipo yopalidwa imapepuka pa sikelo.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ngati mwaganiza zokumana ndi wogula, kumanani masana pamalo a anthu ambiri, mutenge mnzanu, ndipo koini isachoke m'manja mwanu ndalama isanalowe. Osapereka nambala yachinsinsi ya akaunti yanu ya pa foni, osatumiza chithunzi cha chitupa chanu cha unzika. Mukaberedwa kanenani kupolisi, ndipo sungani mauthenga onse. Manyazi anu ndi amene amapatsa mpata wakubayo kuti akabere wina.

Kosaka ndi kasungidwe

Chitawira ndi location yakale, ndipo m'nyumba zambiri muli anthu amene anagwira ntchito m'boma ndi m'makampani kuyambira nthawi ya mapaundi. M'masutikesi, m'mabotolo ndi m'madirowa a makina osokera muli makoini amene palibe anawayang'anitsitsapo. Koma aise, pemphani. Kunena kuti agogo, ndingaone nawo makobiri anu aja, sikuchotsa kanthu, ndipo nthawi zambiri mumapatsidwa ndi nkhani yomwe, ya zimene tiki inkagula ndi mmene anthu anasokonezekera mu 1971. Kwina kofunsa ndi kwa eni magolosale ndi maokala amene anatsala ndi masiliva osowa kopita nawo, kwa osunga chuma m'mipingo ndi m'mabanki a m'mudzi, komanso kwa ogulitsa zinthu zakale m'misika ya Limbe ndi Blantyre.

Zida zake ndi zochepa: galasi lokulitsa zinthu kasanu kapena kakhumi, tochi, maginito, ndi kabuku. Kamera ya foni imathandizanso mukaika koini pa pepala loyera pafupi ndi zenera n'kuzimitsa flash. Sanjani makoini potengera mtengo ndi chaka, kenako yang'anani imodziimodzi, kuyambira pa mkombero, kubwera pa zilembo, pa chaka, n'kumalizira pa chithunzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mutha kudutsa makoini 200 osapeza kanthu, wa 201 n'kukhala ndi mng'alu wokongola wodutsa pa mchira wa tambala.

Lamulo lalikulu pa kasungidwe ndi lakuti osatsuka. Phulusa, mchenga, mandimu, Coca-Cola, mankhwala otsukira mano ndi waya wotsukira mapoto zimasiya timizere ndi kuchotsa khungu la koini, ndipo wotolera aliyense amazindikira msanga koini yopecha. Ngati ili ndi matope, iviikeni m'madzi oyera n'kuiumitsa poigunditsa pa nsalu yofewa, osapukuta. Igwireni m'mbali, chifukwa thukuta la zala limasiya zipsera. Iliyonse ikhale m'kaenvelopu kakekake ka pepala, pamalo ouma, makamaka nyengo ya mvula ndi ya chiperoni pamene makoini achitsulo amachita dzimbiri msanga. Pa envelopu lembani mtengo, chaka, cholakwika chake, kumene munaipeza ndi tsiku.

Ndipo musaboole, kusungunula kapena kusula makoini kuti mupange mphete ndi ndolo. K1, K5 ndi K10 ndi ndalama za dziko, ndipo akale aja akawonongeka palibe adzawadindenso.

Chimene tingachite ife a kuno

Kunja kuli mabuku ndi masamba a pa intaneti amene analemba mng'alu uliwonse wa pa makoini awo, mpaka kuupatsa nambala. Makoini athu akudikira anthu oti awayang'anitsitse choncho, ndipo amene ali nawo ambiri ndi ife, osati a ku London. Ngati achinyamata asanu a Chitawira, asanu a Ndirande ndi asanu a Bangwe atamajambula zimene apeza n'kumayerekeza, posachedwa tingadziwe kuti mng'alu wakuti umapezeka pa 20 tambala ya chaka chakuti, ndipo wina akapeza inzake ku Machinjiri tingatsimikize kuti zinachokera pa chidindo chimodzi. Umu ndi mmene mndandanda umayambira, ndipo mndandanda ndi umene umabweretsa ogula enieni.

Pojambula, tengani zithunzi zitatu: kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, kuwala kukuchokera mbali imodzi. Lembani chaka ndi kulemera kwake ngati muli ndi sikelo. Ndipo wina akakuyankhani ku inbox kuti ali ndi bwana wogula koma mutumize kaye ya fomu, mukudziwa kale kuti ameneyo ndi ndani.